Mwana wanga amutenga ku Teach For America, koma aphunzitsi akale akuti bungweli n'lowononga

Funso: Ndimakhala ku Indiana, m'dziko la America. Mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya sayansi chaka chino, ndipo bungwe la Teach For America lamutenga kuti akaphunzitse kwa zaka ziwiri. Ine ndinakondwa, koma mayi wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe waphunzitsa kuno zaka zoposa 20, atamva anangopukusa mutu. Akuti bungweli likupha ntchito ya uphunzitsi ndipo limapweteka ana a anthu osauka. Kodi chimene akudana nacho n'chiyani kwenikweni? Ndimuletse mwanayu? Ndine Mayi wa ku Indiana.

Yankho: Mayi, mwanayo musamuletse, komanso mayi a kutchalitchi aja musawaone ngati ansanje. Zimene ananenazo si zawo okha. Mkangano umenewu wadutsa zaka 30 ku America, ndipo anthu anzeru ali mbali zonse ziwiri. Ine maganizo anga ndi akuti ambiri amakangana pa funso lolakwika. Amalimbana pa zoti kaya mnyamata kapena mtsikana wophunzitsidwa mothamanga angathe kuphunzitsa, chikhalirecho nkhani yaikulu ili pa zimene zimachitikira sukulu iyeyo akanyamula chikwama n'kumapita.

Bungweli analiyambitsa ndi Wendy Kopp. Ganizoli analilemba mu 1989 ngati ntchito yake yomalizira digiri pa yunivesite ya Princeton, ndipo gulu loyamba, la achinyamata pafupifupi 500, linalowa m'makalasi mu 1990. Nzeru yake inali yosavuta kumva: sukulu za m'madera osauka zimasowa aphunzitsi, ndiye titenge ophunzira okhoza bwino kwambiri m'mayunivesite, ngakhale sanaphunzire za uphunzitsi, tiwasule mwachidule, tiwatumize kumeneko kwa zaka ziwiri. Kwa zaka zambiri kusulako kunkatenga milungu isanu yokha, nthawi ya tchuthi chachikulu, kenako munthu n'kupatsidwa kalasi yakeyake, malipiro ngati a mphunzitsi wina aliyense woyamba kumene, satifiketi n'kumaisaka ali kale pantchito.

Ndiulule kaye kuti pankhaniyi sindine woonerera. Inenso ndinalowa m'kalasi kudzera pawindo. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana a sukulu ku Malawi anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kanthu m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzira ntchitoyi, ine ndili pomwepo. Anatiphunzitsa milungu yosakwana itatu, kutionetsa kalembedwe ka sikimu ndi lesoni pulani, basi n'kutipatsa choko. Ndinapatsidwa Sitandade 2 pasukulu ina yakumudzi, pansi pa mtengo wa mango, kabolodi katatsamira pathunthu. Tsiku lina ndinaphunzitsa kuphatikiza manambala kosunga khumi, 27 kuphatikiza 15. Ndinalemba bwinobwino, ndinafotokoza kawiri, n'kufunsa kuti, "Mwamva, ana inu?" Onse pamodzi, "Eeee!" "Pali funso?" "Palibeee!" Ndinatolera makope mtima uli m'malo. Nditayamba kuchonga, ndinapeza kuti ambiri alemba 312. Anaphatikiza 7 ndi 5 n'kulemba 12 yense pansi, kenako 2 ndi 1 n'kulemba 3 kutsogolo kwake.

Mayi ena achikulire, amene ankaphunzitsa Sitandade 1 pansi pa mtengo woyandikana nawo, anaona nkhope yanga yagwa. M'mawa mwake anatuma ana anga kukathyola timitengo, n'kuwamangitsa m'mitolo ya khumikhumi ndi luzi. Mitolo iwiri ndi timitengo 7 apa, mtolo umodzi ndi timitengo 5 apo. "Tomasukato tawerengeni. Tafika khumi? Mangani mtolo, muupereke kwa anzakewo." Pasanathe ola, ana anali akukuwa okha kuti 42. Masamu ndinkawadziwa kuposa mayiwo, satifiketi yanga ya Fomu 4 inali yabwino kuposa mapepala awo. Chimene sindinkadziwa ndi pamene mutu wa mwana wa zaka 7 umakhotera. Maphunziro enieni a uphunzitsi ndinadzawapeza pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu ya boma yosula aphunzitsi osaphunzira ntchito ngati ife, imene inayamba mu 1997, miyezi itatu ku koleji, yotsalayo tikuphunzira tili pantchito. Koma ana a chaka choyamba aja ndinaphunzirirapo ntchito, monga momwe wometa watsopano amaphunzirira pamutu wa mng'ono wake.

Limenelitu ndiye dandaulo loyamba pa Teach For America, ndipo ndi lakale ngati bungwe lomwelo. Linda Darling-Hammond, katswiri wa maphunziro a aphunzitsi yemwe pambuyo pake anakhala pulofesa ku Stanford, analemba modzudzula kwambiri mu 1994, ndipo mfundo yake inali yoti ana ovutikitsitsa ndi amene akupatsidwa aphunzitsi osakonzeka kwenikweni. Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti. Lamulo la maphunziro la No Child Left Behind, lomwe Pulezidenti George W. Bush anasaina mu 2002, linkafuna kuti kalasi iliyonse ikhale ndi mphunzitsi woyenerera mokwanira. Makolo ndi mabungwe ena ku California anasuma ponena kuti munthu amene akadali pamaphunziro sangatchedwe choncho, ndipo mu 2010 khoti la apilo linagwirizana nawo. Chaka chisanathe, nyumba ya malamulo inasintha mawu a lamulolo kuti anthu oterewa aziwerengedwabe ngati oyenerera. Aphunzitsi ambiri akale sanaiwale zimenezi. Kwa iwo zinaonetsa kuti bungweli lili ndi anzake akuluakulu ku Washington.

Tsopano apa pali chinthu chimene otsutsa ambiri sakonda kumva, ndipo ine, ngakhale moyo wanga wonse ndakhala ndikusula aphunzitsi, ndiyenera kuchinena. Kafukufuku wodalirika sanapeze kuti ana ophunzitsidwa ndi achinyamatawa amakhoza moperewera. Bungwe lofufuza la Mathematica linachita kafukufuku katatu, ana akugawidwa m'makalasi mwamaere kuti pasakhale kukondera. Mu 2004, m'makalasi a pulayimale, ana a aphunzitsi a Teach For America anachita bwinoko pang'ono pa masamu, ndipo pa kuwerenga sipanaoneke kusiyana. Mu 2013, pa masamu a kusekondale, anaposa anzawo ndi mlingo umene ofufuzawo anauyerekeza ndi miyezi iwiri ndi theka ya kuphunzira. Mu 2015, m'makalasi a ana aang'ono, zotsatira zinali zofanana ndi za aphunzitsi ena amene ambiri anali atagwira ntchito zaka zoposa khumi. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pano mwambiwu sunaname. Achinyamatawa amasankhidwa mosefa kwambiri, amagwira ntchito ngati alibe mawa, ndipo masamu amawadziwa.

Koma taonetsetsani amene ankayerekezedwa nawo. Sanawayerekeze ndi aphunzitsi a sukulu za ana a anthu olemera. Anawayerekeza ndi anzawo a pasukulu zomwezo za osauka, ndipo mu kafukufuku wa 2004 ambiri mwa anzawowo analinso atsopano kapena opanda mapepala okwanira. Choncho zimene kafukufukuyu akutiuza n'zakuti pasukulu yosowa kale, wachinyamata wa bungweli si woipa kuposa amene akanakhalapo iye kulibe. Ameneyo ndi uthenga wabwino kwa mwana wanu, koma ndi uthenga womvetsa chisoni ponena za sukuluzo. Komanso mayeso a masamu ndi kuwerenga sayeza zonse. Sayeza ngati mphunzitsi anazindikira msanga kuti mwana wakhala kumbuyo uja sakuona pabolodi, kapena ngati anadziwa kulankhula ndi gogo amene akulera zidzukulu zinayi.

Pamene pagona nkhani ndi pa zaka ziwiri zija. Aliyense amene anagwirapo choko akudziwa kuti chaka choyamba umangopulumuka, chachiwiri umayamba kuona njira, chachitatu ndi chachinayi m'pamene umayamba kutchedwa mphunzitsi, ndipo ofufuza amapezanso chimodzimodzi, kuti luso limakwera kwambiri m'zaka zoyambirirazo. Ndiye pulogalamu imene pangano lake limatha pa chaka chachiwiri imakhala ngati mlimi wodzula mtengo wa zipatso ukangoyamba maluwa. Ofufuza awiri, Morgaen Donaldson ndi Susan Moore Johnson, anatsatira achinyamata pafupifupi 2,000 amene analowa bungweli pakati pa 2000 ndi 2002. Anapeza kuti 6 mwa 10 alionse anapitiriza kuphunzitsa pangano litatha, zomwe zinadabwitsa otsutsa. Koma pofika chaka chachisanu, otsala m'kalasi anali osakwana 3 mwa 10, ndipo amene anali akadali pasukulu imene anayambira anali pafupifupi 15 pa 100 alionse.

Taganizirani muli ahedi a sukulu yoteroyo. Chaka chilichonse mukulandira nkhope zatsopano, kuwaonetsa kumene kumakhala mabuku, kuwauza kuti banja lakutilakuti musalitumizire kalata, muziimba foni madzulo. Akangoyamba kuzolowera, akutsanzika, akupita kukaphunzira zamalamulo kapena zaudokotala, inu n'kuyambiranso. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimene chimatayika si luso la munthu mmodzi lokha. Sukulu imataya chikumbumtima chake: sipakhalanso munthu amene anaphunzitsa mkulu wake wa mwanayu, amene makolo amamudziwa ndi dzina akakumana kusitolo. Ndipo sipakhalanso mayi achikulire a pansi pa mtengo woyandikana aja, oti aone nkhope ya watsopano yagwa n'kutuma ana kukathyola timitengo. Ine ndinapulumuka chifukwa panali akale ondizungulira. Pasukulu pamene theka la aphunzitsi ndi a chaka choyamba ndi chachiwiri, wakhungu amatsogolera wakhungu mnzake. N'chifukwa chake aphunzitsi akale amafunsa funso lopweteka lija, loti ngati njirayi ndi yabwino chotere, bwanji sukulu za m'madera a anthu olemera sizithamangira kukapempha achinyamatawa.

Kunena chilungamo, kuthawa ntchito si vuto la bungweli lokha. Aphunzitsi atsopano a njira yanthawi zonse nawonso amachoka ambiri m'sukulu za osauka, chifukwa cha malipiro, kutopa ndi kusowa chithandizo. Kusiyana kwake n'kwakuti enawo akachoka ndiye kuti china chake chalakwika, pamene ku Teach For America kuchoka kunalembedwa kale m'pangano.

Bungweli silibisa zimenezi. Limanena poyera kuti cholinga chake ndi kusula atsogoleri, anthu oti akadzakhala maloya, andale kapena oyendetsa maphunziro azidzakumbukira zimene anaona m'kalasi. Ndipo atsogoleri lawatulutsadi, kungoti mtundu wa atsogoleriwo ndi umene unakolezera moto. Michelle Rhee, yemwe anayambira kuphunzitsa ku Baltimore kudzera m'bungweli, anayendetsa sukulu za boma za mumzinda wa Washington kuyambira 2007 mpaka 2010. Anatseka sukulu, anachotsa aphunzitsi mazana potengera njira yatsopano yowayezera imene inkawerengeranso zotsatira za mayeso a ana, ndipo anakhala mdani wamkulu wa mabungwe a aphunzitsi. Mike Feinberg ndi Dave Levin, enanso a m'bungweli, anayambitsa sukulu za KIPP ku Houston mu 1994. Zimenezi ndi sukulu za mtundu wa charter, zoyendera ndalama za boma koma zoyendetsedwa ndi mabungwe apadera, ndipo aphunzitsi ake ambiri sakhala mamembala a bungwe lomenyera ufulu wa aphunzitsi. Onjezani kuti pakati pa othandiza kwambiri Teach For America ndi ndalama pali Walton Family Foundation, ya banja la eni ake a Walmart, yomwe imathandizanso kwambiri sukulu za charter. Mphunzitsi wa zaka 20 pantchito akamva dzina la bungweli samangoona mtsikana wakhama ngati mwana wanuyo. Amaona gulu lonse la anthu amene akhala akunena kuti vuto la sukulu za osauka ndi aphunzitsi aulesi otetezedwa ndi mabungwe awo, osati umphawi.

Bala lalikulu ndi New Orleans. Mphepo yamkuntho ya Katrina itawononga mzindawu mu 2005, akuluakulu a maphunziro anachotsa ntchito anthu oposa 7,000 ogwira ntchito m'sukulu za boma. Ambiri mwa aphunzitsiwo anali amayi akuda, obadwira komweko, nsanamira za matchalitchi ndi madera awo. Sukulu zitatsegulidwanso, zambiri zinasanduka za charter, ndipo m'makalasi ambiri munalowa achinyamata ochokera kutali, ena a iwo kudzera ku Teach For America. Mkuntho usanachitike, aphunzitsi 7 mwa 10 alionse mumzindawu anali akuda; patatha zaka pafupifupi khumi anali atatsika kufika pa theka. Ochotsedwa aja anasuma, anapambana kukhoti loyamba, koma khoti lalikulu la Louisiana linagamula mowatsutsa mu 2014. Zotsatira za mayeso mumzindawu zinakwera m'zaka zotsatira, zimenezo n'zoona ndipo ochirikiza kusinthaku amazitchula nthawi zonse. Koma mukafunsa amene anachotsedwa, mumva nkhani ya anthu amene anataya nyumba ndi madzi, kenako n'kutaya ntchito ndi kalata. Ku Chicago mu 2013 zinafananako: mzinda unatseka sukulu pafupifupi 50, unachotsa aphunzitsi ambiri, koma nthawi yomweyo unawonjezera ndalama za mgwirizano wake ndi bungweli. Pajatu mzinda umalipira bungweli madola masauzande angapo pachaka pa wachinyamata aliyense, kuwonjezera pa malipiro ake. Zimaoneka zodula, koma woyamba kumene amalandira zochepa kuposa wa zaka 20, ndipo sadzafika pa penshoni. Bungwe limene linabadwa kuti lidzaze mipata yosowa anthu linayamba kuoneka ngati likulowa m'malo a anthu amene analipo kale.

Palinso dandaulo la mtima wa "tabwera kudzakupulumutsani". M'zaka zoyambirira ambiri olowa anali azungu ochokera m'mabanja opeza bwino ndi mayunivesite otchuka, akupita kukaphunzitsa ana akuda ndi ana a mabanja olankhula Chisipanishi m'madera amene sanapondemo chibadwire. Ife a ku Malawi mtima umenewu timaudziwa, tinauonapo mwa alendo ena obwera ndi zolinga zabwino. Apa bungweli linamvera. Pofika 2014, pafupifupi theka la olowa kumene sanali azungu, kusakanikirana koposa kwa aphunzitsi a dziko lonselo. Mwana wanu, pokhala wakuda, ana ambiri adzamuona ngati wawo, ndipo zimenezi n'zofunika. Koma mumuuze kuti khungu lofanana silitanthauza mbiri yofanana. Mwana wa anthu obwera kuchokera ku Africa ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa mabanja amene akhala m'dera limenelo mibadwomibadwo.

Masiku ano bungweli si lamphamvu ngati kale. Mu 2013 ofunsira malo anali pafupifupi 57,000 ndipo otengedwa pafupifupi 6,000. Mu 2022 olowa kumene sanakwane 2,000. Mizinda ina monga Pittsburgh, San Francisco ndi Houston inafika posiya mgwirizano wake ndi bungweli. Koma nzeru yake inawoloka nyanja kalekale. Ku Britain kuli Teach First, yomwe Brett Wigdortz anayambitsa mu 2002, ndipo mu 2007 iye ndi Kopp anakhazikitsa Teach For All, imene pano ili ndi mabungwe m'maiko oposa 60, ena a mu Africa. Ndikamva zimenezi ndimakumbuka achinyamata athu a IPTE, amene amamaliza zaka ziwiri za maphunziro a uphunzitsi kenako n'kukhala pakhomo zaka akudikira kulembedwa ntchito, ena n'kumangotengedwa ngati aphunzitsi othandizira pa kangachepe. Kwathu kuno mavuto a 1994 anatembenuka: osulidwa alipo, chosowa ndi ndalama zowalembera. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tibwerere kwa mwana wanu. Mukhale naye pansi mumufunse funso limodzi, ndipo ayankhe moona: akufuna kukhala mphunzitsi, kapena akufuna zaka ziwiri zooneka bwino pa mapepala ofunsira sukulu ya udokotala? Yankho lachiwirili si tchimo, ambiri amalowa choncho ndipo ena amakodwa n'kukhalitsa. Koma ngati mumtima mwake akufunadi uphunzitsi, afufuzenso njira ina yotchedwa teacher residency, monga imene inayamba ku Boston mu 2003 n'kufalikira m'mizinda yambiri. Kumeneko munthu amatha chaka chathunthu m'kalasi ya mphunzitsi wodziwa ntchito, akuphunzira pambali pake, asanapatsidwe kalasi yake, ndipo kawirikawiri amalonjeza kukhala zaka zitatu kapena kuposa. Ndalama za chaka choyamba zimakhala zochepa, koma ana saphunziriridwa ntchito ndi munthu ali yekhayekha.

Akasankha Teach For America, mwayi wake ndi wakuti ali ndi digiri ya sayansi. Aphunzitsi a sayansi ndi masamu amasowadi m'sukulu zambiri za ku America, choncho mwina sadzakhala pampando wa munthu wina, ndipo pa masamu a kusekondale m'pamene kafukufuku uja anaonetsa phindu lenileni. Alimbikire kuti amupatse phunziro limene analiphunzira. Akane mwaulemu ngati akufuna kumuika yekha m'kalasi ya ana olumala kapena ovutika kuphunzira, chifukwa imeneyo ndi ntchito yofuna maphunziro apadera, ndipo milungu yochepa siingakwane. Akafika pasukulupo afunse kuti malo akewo anali a ndani ndipo mwini wake anachoka bwanji. Afunsenso kuti pasukulupo pali aphunzitsi angati amene atha zaka zoposa zisanu, ndipo sabata yoyamba yomweyo akagogode pachitseko cha mmodzi wa iwo, kope lili m'manja.

Ndipo poti kutchalitchi kwanu muli naye kale mphunzitsi amene waphunzitsa zaka zoposa 20, musadikire za kusukuluko. Lamulungu likubwerali muwaitane mayiwo kunyumba, muphike nsima, mwana wanu akhale pomwepo. Muwapemphe kuti amulole kukakhala kumbuyo kwa kalasi yawo masiku awiri kapena atatu sukulu zisanatseke, aone mmene amayambira phunziro ana akuchokera kokadya, ndiponso zimene amachita mwana akagoneka mutu padesiki.